Agulugufe osowa a m'phiri la Mulanje: mupite liti, muime pati, mujambule bwanji

Funso lachokera kwa mphunzitsi wa sekondale wa ku Luchenza. Akuti anamva kuti m'phiri la Mulanje muli agulugufe amene sapezeka kwina kulikonse, ndiye mu Julayi anabwereka kamera kwa mlamu wake n'kupita ku Likhubula, m'tsinde mwa phirili. Anayenda tsiku lonse mpaka kumathithi a pa Dziwe la Nkhalamba, koma anaona agulugufe ochepa chabe, ndipo zithunzi zake zinatuluka za mbuu, zina masamba okhaokha gulugufe atauluka kale. Akufunsa kuti analakwitsa pati, abwerere nthawi yanji, komanso ngati n'kololedwa kugwira mmodzi kuti amujambule bwino ndi kukaonetsa ana a sukulu.

Aphunzitsi, zimene munamvazo n'zoona. M'phiri la Mulanje muli mitundu ya agulugufe yoposa 200, ndipo ingapo mwa iyo imadziwika kuchokera m'phiri lomweli. Mmodzi dzina lake la sayansi ndi Cymothoe melanjae, ndipo mbali yachiwiri ya dzinalo ndi Mulanje yemweyu monga ankalembera azungu kale. Wina ndi Charaxes margaretae. Onse awiri ndi a m'nkhalango yobiriwira chaka chonse, ija yokhala m'zigwa ndi m'makwawa momwe chinyezi sichitha. Chifukwa chake n'chakuti phirili lili ngati chilumba. Laima lokha pakati pa chigwa chotentha, nsonga yake ya Sapitwa ikufika mamita 3,002, ndipo zamoyo zokonda nkhalango yozizira zinatsekeredwa pamenepo kwa zaka zosawerengeka mpaka zinasiyana ndi abale awo a m'mapiri ena. Mkungudza wa ku Mulanje nawo unapezeka m'njira yomweyo.

Koma ndiyambe ndi kukuchotsani chiyembekezo china. Ulendo wa tsiku limodzi simungaudalire kuti mukaona awiri amenewa. Ine ndakhala ndikukwera phirili kwa zaka zambiri, ndipo masiku amene ndinatsika ndili wotsimikiza kuti ndaona gulugufe wa ku Mulanje kokha ndi owerengeka. Charaxes margaretae ali m'gulu la ma Charaxes akuda, omwe amuna ake amafanana kwambiri moti akatswiri enieni amakangana ali ndi gulugufeyo m'manja. Munthu akakuonetsani chithunzi chimodzi cha pafoni n'kunena motsimikiza kuti ndi ameneyu, muzingomwetulira. Zimene mungakwanitse, ndipo n'zokwanira kukusangalatsani, ndi kubwerako ndi zithunzi zabwino za mitundu khumi kapena makumi awiri, n'kuyamba kudziwa malo ndi khalidwe lawo. Wosowayo amadzabwera kwa munthu amene anazolowera kale wamba.

Cholakwika chanu chachikulu chinali mwezi. Julayi ndi nthawi ya chiperoni, mphepo yozizira ya nkhungu ndi mvula yowaza ija imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Inu a ku Luchenza simufunika kuuzidwa mmene imabayira. Gulugufe thupi lake silidzipangira kutentha ngati lathu. Minofu youlukira imagwira ntchito ikatenthedwa ndi dzuwa, ndiye kukazizira amangokhala phee kunsi kwa tsamba, mapiko atapinda, ndipo mungamudutse pafupi osamuona. Analipo tsiku limenelo, koma anali m'nyumba. Komanso m'miyezi yozizira ambiri amakhala asanafike pouluka, akadali mazira, mbozi kapena ali m'chikwa kudikira nyengo.

Ine ndimakonda nthawi ziwiri. Yoyamba ndi Malichi mpaka kumayambiriro kwa Meyi, mvula ikamatha. Zomera zimakhala zitakula, mbozi zadya zakhuta, ndipo agulugufe amachuluka, ambiri mapiko ali atsopano osang'ambika. Yachiwiri ndi Novembala ndi Disembala, mvula yoyamba itagwa. Januwale ndi Febuluwale agulugufe aliponso, koma njira zimaterera, mitsinje imadzaza mwadzidzidzi ngakhale pamene mwaima pasakugwa mvula, ndipo amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita m'Malichi 2023 ku Mulanje ndi ku Phalombe sachita masewera ndi phiri likamwa madzi. Ngakhale m'Malichi momwemo, mvula ikagwa masiku awiri atatu motsatizana, sinthani tsiku. Tsiku labwino koposa ndi limene kwacha kuli ngwee pambuyo pa mvula ya dzulo.

Nthawi ya tsiku nayo ili ndi mbali ziwiri, ndipo wojambula amazifuna zonse. Kuyambira cha m'ma 7 mpaka 9 koloko m'mawa agulugufe amakhala akuwothera dzuwa pamasamba, pamiyala kapena pansi, mapiko atatambasula, ndipo amakhala aulesi. Apa ndi pamene mungayandikire n'kujambula kumtunda kwa mapiko. Kuyambira 10 koloko mpaka cha m'ma 2 masana ndi pamene amaoneka ambiri, koma amakhala atatenthedwa, othamanga. Ikamakwana 3 koloko, makamaka nthawi ya dzinja, mitambo imakhala itayamba kuunjikana pamwamba pa nsonga ya Chambe, ndipo zatha. Ndiye nyamukani m'mamawa. Mukatsika minibasi pa Chitakale, tengani msewu wa ku Phalombe, mtunda wa makilomita pafupifupi 10 kukafika ku Likhubula. Njinga zamoto zimakhalapo. Mulipire pageti la a zankhalango, ndipo mutenge wolondolera wa m'deralo.

Za wolondolerayu ndinenepo pang'ono. Anyamata a ku Likhubula anazolowera alendo ofuna kukafika, kaya kumathithi, kaya ku nyumba yogona ya pa Chambe kapena Lichenya, ndipo amayenda ngati akuthawa mvula. Mumuuze pachiyambi pomwe kuti lero sitikufika kulikonse, mwina tiyenda makilomita awiri okha, ndipo malipiro ake ndi omwewo. Mukapanda kutero azikuyang'anani modabwa mukagwada pamatope theka la ola. Akamvetsa, amasanduka chuma, chifukwa amadziwa pamene pali kasupe, pamene mtengo ukukha utomoni ndi pamene pagwa nkhuyu. Tsiku lina wolondolera wanga, yemwe m'mawa ankandiseka, ndi amene anandionetsa Charaxes atamatirira pa khungwa la mtengo womwe ndinali nditautsamira.

Ndikuganiza kuti cholakwika chachiwiri chinali chimenechi, kuti munayenda tsiku lonse. Agulugufe sasakidwa poyenda. Mumapeza pamene amadya, pamene amamwa ndi pamene amadikira akazi, n'kukhala pansi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito imeneyi palibe malangizo oposa amenewo.

Malo oyamba ndi mchenga wonyowa m'mphepete mwa mtsinje wa Likhubula, kapena matope a panjira pamene dzuwa likuwomba. Mukaona agulugufe ataunjikana pamatope, ambiri mwa iwo ndi amuna, ndipo sakufuna madzi okha ayi, akufuna mchere. Mcherewo amaupereka kwa wamkazi pokwerana, ndipo umathandiza mazira. N'chifukwa chake amakonda pamene ng'ombe kapena munthu wakodza, ndiponso amatha kutera pamkono panu kudzamwa thukuta. Pamalo otere mumapeza oyera ndi achikasu ambirimbiri, timabuluu ting'onoting'ono, ndiponso akuluakulu a michira kumapiko a mtundu wa Papilio. Mwayi ukakugwerani mudzaona Papilio ophidicephalus, wakuda ndi chikasu, wamkulu kuyandikira chikhatho cha munthu, amene amatsata mitsinje ya m'nkhalango. Gulugufe amene wamwa kwa kanthawi amaiwala za dziko. Mulekeni akhazikike kaye mphindi ziwiri zitatu musanasunthe.

Malo achiwiri ndi m'mphepete mwa nkhalango, pamene mthunzi ukukumana ndi dzuwa, ndi pamipata yomwe mtengo unagwa kuwala n'kulowa. Mkati mwa nkhalango yothithikana mumakhala mdima ndipo simuona zambiri. A mtundu wa Cymothoe nthawi zambiri amakhala pamwamba pa mitengo, koma amatsika pamipata yotere kudzawothera dzuwa kapena kudzayamwa zipatso zogwa. Nkhalango yeniyeni yotereyi ku Likhubula kumunsi kulibe yambiri, kumeneko ndi tchire la miombo ndi mitengo ya m'mbali mwa mtsinje. Mukafuna ya chinyezi, pitani mbali ya kum'mwera kwa phiri, kuchigwa cha Ruo kuseri kwa minda ya tiyi ya Lujeri, kapena m'timagulu ta nkhalango ta pa Lichenya. Ulendo umenewo ndi wachiwiri kapena wachitatu, ndipo wa pa Lichenya umafuna kugona komweko.

Malo achitatu ndi omwe anthu sawayembekezera. Ma Charaxes, agulugufe amphamvu a thupi lonenepa amene amauluka ngati mbalame, sakonda maluwa. Amakonda zipatso zowola, utomoni wosasa wotuluka pabala la mtengo, ndi ndowe, makamaka za nyama zodya nyama monga fungwe. Ndajambulapo gulugufe wokongola kwambiri atakhala pa chimbudzi cha nyani, ndipo chithunzicho ndinachidula mwanzeru kuti anthu asaone mpando wake. Khalidwe limeneli mungaligwiritse ntchito. Masiku atatu kapena anayi musanapite, kanyani nthochi zakupsa kwambiri, zija zakuda zimene amayi a pamsika amafuna kutaya, muthiremo shuga pang'ono ndi masese kapena Chibuku, muike m'chigubu padzuwa. Osatseka kwambiri chivindikiro, chimaphulika, ndipo ndikunena zimene zinandichitikira m'chikwama. Mukafika, pakani phalalo pa thunthu la mtengo kapena pamwala malo atatu anayi m'mphepete mwa nkhalango, pamene dzuwa lifike cha m'ma 10, pamsinkhu wa chifuwa chanu kuti mujambule osavutika. Kenaka muziyendera malowo mosinthasintha. Charaxes akamwa zimenezi amaledzera ndithu, ndipo amene m'mawa simukanamuyandikira amalola kamera kufika pamphuno. Apusi ndi anyani nawo amazikonda, choncho musapake zambiri, ndipo chigubu mubwerere nacho.

Amuna a mitundu ina ali ndi chizolowezi china chothandiza. Amasankha nthambi imodzi kapena kamtunda, n'kumathamangitsa aliyense wodutsa, kenaka amabwerera pa tsamba lomwelo. Gulugufe akauluka musamuthamangire. Yang'anani pamene anakhala, lozetsani kamera pomwepo, dikirani. Kawirikawiri amabwera.

Tsopano za zithunzi za mbuu zija. Maso a gulugufe saona bwino zinthu zoima, koma amaona msanga chilichonse chosuntha, ndiponso kusintha kwa kuwala. Chimene chimamuthamangitsa kwambiri ndi chithunzithunzi chanu chikamugwera. Musanayandikire, onani kumene kuli dzuwa. Yandikirani motsika, mowerama kapena chogwada, molunjika osati modutsa cham'mbali, kamera ili kale kumaso kuti musadzakweze mkono pomaliza. Jambulani chithunzi choyamba mukadali patali, chachiwiri mutasendera phazi limodzi, choncho mpaka atauluka. Mukatero simubwerako chimanjamanja. Zovala zikhale zosawala, zobiriwira kapena zotuwa. Malaya oyera a kusukulu asiyeni kunyumba.

Pa kamera ya alamu anuyo, zithunzi zimachita mbuu pa zifukwa ziwiri: kugwedezeka, kapena focus (malo amene kamera yasankha kuti aoneke bwino) kugwira tsamba m'malo mwa gulugufe. Ikani shutter speed (liwiro limene kamera imatsegulira ndi kutseka diso lake) pa 1/500 kapena kuposa, ndipo kwa a Papilio, omwe amapitiriza kukupiza mapiko ngakhale akuyamwa duwa, pitani pa 1/1000. Aperture (kukula kwa bowo lolowera kuwala) ikhale cha pa f/8 kuti phiko lonse lioneke bwino, ndipo ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) muisiye idzisankhire yokha. Sankhani kadontho kamodzi ka focus m'malo molola kamera kusankha, n'kukaika pa diso la gulugufe. Chinsinsi chimene ambiri sachidziwa ndi chakuti kamera iyang'anizane ndi phiko mwafulati. Gulugufe akapinda mapiko, inu mukhale cham'mbali mwake ndendende. Akatambasula, mukhale pamwamba pake. Mukajambula mopendekera, mutu umaoneka bwino koma nsonga za mapiko zimasungunuka. Ngati pali lenzi yokoka zakutali, yofika 200mm kapena 300mm, ndi yabwino kuposa kuyandikira, chifukwa mumajambula muli mita imodzi ndi theka osamuopseza.

Foni musainyoze. Mafoni ambiri a masiku ano amajambula bwino gulugufe amene wakhazikika panyambo kapena pamatope. Pukutani kagalasi kake, gwirani ndi manja awiri, dinani pa gulugufeyo pasikirini kuti focus igwire pomwepo, ndipo musakoke chithunzi ndi zala, kuli bwino kudzachidula kunyumba. Agulugufe oyera padzuwa la masana amatuluka ngati pepala lopanda mizere, choncho chepetsani kuwala pang'ono musanajambule. Jambulani zambiri motsatizana. Pa zithunzi makumi atatu, zabwino zimakhala ziwiri, ndipo zimenezi zimachitikira aliyense.

Ngati cholinga ndi kudziwa mtundu, chithunzi chokongola chimodzi sichikwanira. Yesetsani kupeza kumtunda ndi kunsi kwa mapiko, chifukwa mitundu yambiri imasiyanira kunsi. Lembani tsiku, nthawi, malo, ndi chimene amachita, ndipo ngati wamkazi akuikira mazira, jambulaninso chomeracho, masamba ndi maluwa ake. Yatsani GPS pafoni kuti malo alowe m'chithunzi. Mukafika pa netiweki, ikani zithunzizo pa tsamba la pa intaneti la iNaturalist, pomwe anthu odziwa agulugufe a mu Africa amathandiza kutchula maina. Zolembedwa za ku Malawi kuno n'zochepa poyerekeza ndi za maiko ngati South Africa, moti chithunzi cha mphunzitsi wa ku Luchenza chokhala ndi tsiku ndi malo chili ndi ntchito yeniyeni.

Mwafunsa za kugwira. Yankho langa ndi ayi. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, bungwe la UNESCO linaliika pa malo osungira zachilengedwe mu 2000, ndipo mu 2025 linalowa m'kaundula wa malo a chikhalidwe ofunika padziko lonse. Kutola zamoyo m'nkhalango ya boma kumafuna chilolezo, ndipo ofufuza amene mumawaona ndi maukonde amakhala ndi mapepala. Kupatula lamulo, fumbi limene limatsala pa zala mukagwira gulugufe ndi timamba ting'onoting'ono tomwe timapanga mitundu ya mapiko, ndipo sitimeranso. Pali ena amene amaika gulugufe m'firiji kuti afooke ajambulike. Chithunzi chotere wodziwa amachizindikira, miyendo imakhala itakhala molakwika. Kunena chilungamo, munthu mmodzi wogwira gulugufe mmodzi si amene angathetse mtundu. Chimene chikuwatha ndi moto wolusa wa chilimwe, makala ndi macheka, chifukwa mbozi za mitundu yambiri zimadya zomera zake zokhazokha, ndipo chomeracho chikatha gulugufe amatha nacho. Yang'anani phiri la Thyolo, lomwe nkhalango yake inasanduka minda anthu akuona. Koma mphunzitsi akagwira mmodzi, ana makumi asanu ndi limodzi adzagwira aliyense wake.

Anawo mungawaphunzitse bwino koposa osachoka pa Luchenza. Pa mtengo wa mandimu kapena malalanje fufuzani timbozi tooneka ngati zitosi za mbalame. Timeneto ndi ana a Papilio demodocus, gulugufe wakuda wa madontho achikasu amene aliyense anamuonapo pakhomo. Tikakula timasanduka tobiriwira, ndipo mukatikhudza timatulutsa kanyanga ka mphanda konunkha kumutu. Ikani kamodzi m'botolo lalikulu lotseka ndi kansalu, muzikapatsa masamba atsopano a mandimu tsiku lililonse, muikemo kamtengo koti kadzakoloweke chikwa, ndipo pakatha milungu yochepa ana adzaona gulugufe akutuluka n'kuumitsa mapiko. Mukatero mukamutulutse panja.

Palinso nkhani ya kunamizira imene ana amaikonda. Gulugufe wofiirira wa nsonga zakuda ndi zoyera, Danaus chrysippus, mbozi yake imadya zomera za utomoni woyera wa poizoni, ndipo mbalame zinaphunzira kumusiya. N'chifukwa chake amauluka mwaulesi ngati mwini mudzi. Wamkazi wa Hypolimnas misippus alibe poizoni ameneyo koma anatengera maonekedwe ake, pomwe mwamuna wake ndi wakuda wa madontho oyera ozunguliridwa ndi buluu, moti simungaganize kuti ndi banja limodzi. Ku Mulanje mudzaonanso Papilio dardanus, amene mwamuna wake ndi wachikasu chotuwa wa michira, koma akazi alibe michira ndipo amavala mitundu ya agulugufe ena owawa. Ndipo ngati muli ndi chithunzi cha mu Julayi cha gulugufe wabuluu wakuda wa timadontho tofiira, musachifufute. Angakhale Precis octavia, amene nthawi yozizira amabadwa wabuluu koma m'dzinja amabadwa wofiira, mpaka akatswiri akale ankayesa mitundu iwiri yosiyana.

Zotsalazo ndi zazing'ono koma zimawononga tsiku. Valani nsapato zotseka ndi buluku lalitali. Musanagwade yang'anani pansi, chifukwa linthumbu likakukwerani mudzavula pamaso pa wolondolera, ndipo mphiri siithawa munthu, imangogona pomwepo. Kumunsi kwa phiri samalani ndi chitedze mvula ikatha. Tengani madzi, chakudya, jekete la mvula ndi pepala la pulasitiki lokutira kamera, batire lodzaza ndi lina lapadera. Miyala ya pa Dziwe la Nkhalamba imaterera ndipo madzi ake ndi ozizira komanso akuya, choncho musabwerere chammbuyo diso lili pa kamera. Malo amenewa anthu a m'deralo amawalemekeza chifukwa cha mizimu ya makolo, ndipo wolondolera akati apa tisachite phokoso kapena apa tisapake nyambo, mumvereni.

Mukadzapita m'Epulo, yambani ndi mchenga wa m'mbali mwa mtsinje cha m'ma 8, pakani nthochi zanu isanakwane 9, ndipo musafike kumathithi mpaka dzuwa litapendeka. Zithunzi zimene zikakukanikeni kuzitchula maina mudzatitumizire, kumtunda ndi kunsi kwa mapiko ngati zatheka, pamodzi ndi tsiku ndi malo.